Mlendo Wodziyendera Yekha ku San Juan

Pamene chombo chathu, chimene kukula kwake kukadachititsa Nowa manyazi, chidakocheza padoko la San Juan, pachilumba cha Puerto Rico, ine ndidakana kulipira wotsogolera alendo, poganiza kuti munthu wa imvi ngati ine sayenera kukusidwa ngati mbuzi pambuyo pa kamnyamata konyamula ambulera. Ndidanyamuka ndekha, ndipo miyala yoyalidwa m'misewu yopapatiza ija, yobiriwira ngati thambo, imene alendo amaitamanda kwambiri, idandidziwitsa msanga kuti nsapato zopita nazo kutchalitchi sizidalengedwere ulendo wotere.

Linga la El Morro, limene anthu a ku Spain adayamba kumanga mu 1539, ndiponso limene lidabweza Francis Drake ndi zombo zake mu 1595, ine lidandilandira mwaulemu nditangopereka kangachepe pakhomo. Chimene Mngelezi uja adalephera ndi mizinga, ine ndidachitha ndi chikwama. M'munsi mwa makoma ake mumakhala amphaka ochuluka, odekha ngati nduna pabwalo, amene adandiyang'ana monga ayang'anira mkamwini wofika chimanjamanja.

Koma safunsa adadya phula. Nditaima nthawi yaitali pamanda a munthu wina wotchuka wakale, dzina lake Ponce de León, m'tchalitchi chachikulu cha mumzindamo, ndidamva lipenga la chombo, ndipo pamenepo mpamene ndidakumbukira kuti mkulu wa chombo amadikira okhawo amene adatsata kamnyamata ka ambulera kaja. Eni mudzi adaona nkhalamba ikutsetserekera kudoko ndi liwiro la mtondo wadooka, nsapato zili m'manja.