Kanyali Kachikasu ndi Kachidutswa ka Tepi

Mwini galimoto ya dizilo ku Mpanshya akaona kanyali kayaka pa dashibodi, asatekeseke. Afunefune tepi yakuda ya amagetsi. Kachidutswa kotalika ngati chala kamakwanira, ndipo kanyaliko kamazima pomwepo popanda kutulutsa ngakhale ngwee imodzi. Amene alibe tepi atha kuimikapo chithunzi cha ana kapena khadi ya ukwati wa chaka chatha.

Anthu amene anapanga galimotozi ku Japan ndi ku Ulaya anali ndi maganizo ena. Anagawa nyali ngati maloboti a mu Cairo Road ku Lusaka: zobiriwira ndi zabuluu zimangodziwitsa, zachikasu zimachenjeza, zofiira zimalamula kuima. Kaketulo kofiira kodontha kamanena kuti oyilo sakuyenda ndi mphamvu mu injini, ndipo mphindi zochepa zimakwanira kuti zitsulo zigwirane. Dalaivala wozindikira amakaona ngati chikumbutso cha tiyi. Kabatire kofiira amati ndiye kuti batire yadzaza, chonsecho kakunena kuti yasiya kutchajidwa. Zoona zake amakazimvera usiku pa zitunda za Manenekela, mahedilaiti akayamba kuwala ngati koloboyi.

Koma kanyali kamene kazunguza mitu zaka zino ndi kachikasu kooneka ngati kabokosi ka timadontho. Kamanena za sefa ya mwaye yomwe ili m'paipi ya ekizozi, imene amakaniki amangoti DPF. Isuzu imaitcha DPD, Toyota ku Japan imati DPR, koma nyama ndi imodzi. Peugeot inayamba kuiika m'galimoto yake ya 607 m'chaka cha 2000, ndipo malamulo a utsi a Euro 5 atafika mu 2009, galimoto zatsopano za dizilo ku Ulaya zinasowa kothawira. Nawonso ma Hiace, ma Canter ndi ma CX-5 amene amatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde amabwera nayo m'mimba.

M'kati mwake muli timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, ndipo timakola mwaye kuti usatuluke. Timabowoto tikayamba kudzaza, kompyuta ya galimoto imathira dizilo wowonjezera kuti ekizozi itenthe kufika madigiri pafupifupi 600, mwaye n'kupsa. Aliyense amene anaotchapo makala m'mbali mwa Great East Road akudziwa kuti moto wotere sufuna kuusokoneza. Umafuna injini yotentha, liwiro la makilomita 60 pa ola kapena kuposerapo, ndi mphindi 15 kapena 20 osaima.

Apa ndiye pali ngozi kwa munthu wofuna kupha sefa yake, chifukwa mankhwala aulere ali pakhomo pomwepo. Msewu wochoka ku Mpanshya kupita ku Luangwa Bridge, kapena makilomita pafupifupi 180 opita ku Lusaka, uli ndi zitunda zomwe zingapsereze mwaye bwinobwino. Ayenera kuupewa. Galimoto izingoyenda kuchoka kunyumba kupita kuchigayo, kumsika, kuchipatala cha St Luke's, n'kubwerera injini isanatenthe. M'mawa ailize theka la ola ili chiimire, kuti anansi adziwe kuti ilipo. Akakakamizika kulowa mumsewu waukulu, potsetsereka paliponse aike giya pa nyutulo, ati kusunga mafuta. Thanki nayo isamapitirire malita asanu, pakuti galimoto zambiri siziyamba kuotcha mwaye nyali ya mafuta ikayaka.

Tsiku lina injini idzayamba kulira mokwererako ili chiimire, fani ikuzungulira mwamphamvu, kunsi kukutuluka fungo la chitsulo chotentha. Kumeneko ndiye kuotcha mwayeko. Mwini wake azimitse msanga, ndipo akhoza kuuza anzake kuti wapulumutsa galimoto ku moto. Wolimba mtima aiimike pa udzu wouma wa mu Okutobala, kuti aphe mbalame ziwiri: sefa ndi munda wa mnansi.

Mphoto ya khama limeneli imaonekera pa kachitsulo koyezera oyilo. Dizilo amene anathiridwa kuti aotche mwaye, ntchito ikadukizidwa kawirikawiri, amatsikira m'oyilo, ndipo mlingo umakwera wokha. Galimoto za ena zimadya oyilo, iyi ikubereka. Ndi nkhani yoyenera kuichitira umboni Lamulungu, bola osatchula kuti oyilo wosungunuka ndi dizilo sateteza zitsulo. Posintha, agule wotchipa aliyense wa m'chigubu chopanda dzina. Oyilo woyenera, wolembedwa DL-1 kapena C3 malinga ndi buku la galimotoyo, amasiya phulusa lochepa, ndipo phulusa ndilo limatseka sefa kotheratu chifukwa silipsanso.

Kale panali chonamizira chabwino. Dizilo wa ku fakitale ya Indeni ku Ndola anali ndi salufa wambiri, mdani wa sefa zoterezi. Koma kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, imapopa dizilo wa salufa wochepa kuchoka ku Dar es Salaam. Wofuna kusunga mwambo azigula wa m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, yemwe nthawi zina amabwera ndi madzi kapena palafini wabasela.

Mapeto ake kompyuta imatopa n'kumana injini mphamvu, ndipo Canter yodzaza matumba a makala imapitiriridwa ndi njinga pachitunda. Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mano 16 pomwe makaniki amalumikiza makina owerengera matenda. P2463 ndiye kuti mwaye wachuluka, P242F ndi phulusa, P2002 sefa sikugwira bwino ntchito. Nthawi zina wolakwa ndi kapaipi kong'ambika ka sensa, valavu ya EGR yomata, kapena injekita yodontha, zinthu zotchipa poyerekeza ndi sefa yatsopano. Mwini wanzeru safuna kumva zonsezi. Amangoti, “Amakaniki, fufutani basi, ndili ndi ulendo.” Kanyali kamazimadi, ndipo kamadikira mwaulemu mpaka adutse Chongwe.

Chotsala ndi kuitana wowotcherera, atsegule ekizozi, agobe chisa chija ndi tchizulo, wina wa laputopu ku Lusaka anamize kompyuta kuti sefa ikadalipo. Galimoto imathamanga ngati yatsopano. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, koma paipi ya ekizozi imaloza kumbuyo, kumene kuli amayi ogulitsa nthochi ndi masuku pasiteji, ndi kondakitala amene akumangirira katundu.