Walira Funde Walira Katundu

Walira mvula walira matope, anatero akuluakulu, ndipo kuno ku Rufunsa mwambiwu sufuna womasulira. M'chaka cha 2024 chimanga chinauma chili chiimire m'minda, mpaka pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumabwera usiku anthu ali m'tulo. Tinalira mvula m'matchalitchi, m'misika ndi pa WhatsApp pomwe. Itagwa dzinja lotsatira, pakamwa pomwe paja panayamba kutukwana matope, poti galimoto zinali kutitimira m'tinjira topatuka pa Great East Road. Sindinamve kuti alipo anabwerera kutchalitchi kukapepesa.

Mwambiwu sunathere pa khasu ayi. Unakwera ndege, ndipo lero ukugwira ganyu pa nyanja za ku America, pakati pa anthu amene nsapato zawo sizidziwa matope. Kumeneko kuli masewera otchedwa wakeboarding, amene anayamba kutchuka cha m'ma 1985 pamene Tony Finn wa ku San Diego anayamba kugulitsa kathabwa kake kotchedwa Skurfer. Munthu amamangirira mapazi pa thabwa, n'kugwira chingwe cha mamita pafupifupi 20, boti ya injini n'kumamukoka pa liwiro la makilomita 30 kapena 35 pa ola. Boti ikamathamanga imasiya funde kumbuyo, mizere iwiri yotambasuka, ndiye mkulu uja amathamangira fundelo, kulikwera, kuuluka m'malere, kutembenuka mutu pansi, n'kuteranso pamadzi. Sapita kulikonse. Sanyamula nsomba, sawolotsa wodwala. Madzulo amabwerera pomwe anayambira, atatopa ndiponso atakondwa.

Vuto lake n'lakuti boti yopepuka imasiya kafunde kakang'ono, kosaulutsa ndi mwana yemwe. Kuti funde likule, boti iyenera kulowa kwambiri m'madzi, ndipo kuti ilowe iyenera kulemera. Ndiye eni maboti amatenga madzi a m'nyanja momwemo n'kuwathira m'boti dala. Pansi pa mipando pali matanki ndi matumba ochindikala a pulasitiki, mapampu n'kumadzaza. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo maboti amakono amasenza makilogalamu oposa 1,000, ena kuyandikira 2,000. Mayi wa kwa Mpanshya amene amadzuka tambala woyamba kukaima pamzere pamjigo awerenge yekha: ndi zigubu za malita 20 zokwana 50 mpaka 100, zotungidwa kuti mnyamata mmodzi adumphe.

Nkhaniyi ndinaifotokozera mkulu wina amene wakalambira pa bwato mu Lunsemfwa. Bwato wake ndi wa mtengo umodzi, ming'alu yake anaimata ndi phula la pamsewu, ndipo pakati pake pamakhala kachigubu ka mafuta ophikira kodulidwa pakati, komangidwa ndi chingwe kuti kasapite ndi madzi. Ntchito ya kachigubuko ndi imodzi basi, kukapa.

"Wati bwanji, mwana wanga? Madzi akulowa m'bwato, mwini wake n'kumasekerera?"

"Salowa okha, agogo. Amachita kuwapopera ndi pampu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati anthuwo ali ndi achibale owayang'anira. Ndinati ndalama ali nazo. Zinazo afunse a dokotala.

Komatu tisawaseke msanga, chifukwa kulongedza madziwo ndi luso. Ukaunjika onse kumbuyo, funde limatalikadi koma limaima njoo, lophwanyika pamwamba, mphuno ya boti n'kuloza kumwamba moti woyendetsa saona kutsogolo. Ukathira ena kutsogolo, funde limatambasuka bwino, losalala, lokwereka. N'chifukwa chake odziwa amaika ochulukirapo kumbuyo, otsalawo pakati ndi kutsogolo, n'kumayesa pang'onopang'ono. Mbali ziwirinso ziyenera kulingana. Boti ikapendekera kumanja pang'ono chabe, funde la mbali imodzi limakhala loyera bwino pomwe linalo langosanduka thovu, ndipo mankhwala ake ndi omwe aja timawadziwa tonse: kuuza mlamu wonenepa kuti asunthire uko. Eni maboti amakonda madzi kuposa miyala kapena mtovu pa chifukwa chomveka. Madzi umawataya ukafuna, ndipo boti itati idzadze mwangozi, thumba la madzi silikokera pansi monga mwala.

Tsono walira funde walira katundu, ndipo katundu ali ndi matope akeake. Boti yolemera imamwa petulo mosaumira. Injini imabuula isananyamuke, mpaka ena amasintha pulopela kuti ikoke. Ukaima mwadzidzidzi, funde lako lomwe limakupeza n'kukwera m'boti kuchokera kumbuyo. Limenelo likafika kumtunda limagumula gombe, kugubuduza timaboti ta owedza, n'kuyambitsa milandu. Ku Vermont, m'dziko lomwelo la America, mu 2024 boma linachita kuika lamulo loti maboti oterewa azisewerera kutali ndi gombe mamita pafupifupi 150, pamadzi ozama mamita 6. Munthu wagula boti ndi ndalama zake, koma anansi akumuuza poti aziseweretsera. Ngakhale kwa azungu anansi ndi anansi.

Masewerawa kuno sangaphuke, ndipo chifukwa chake si umphawi wokha. Wosewera aliyense amagwa, n'kumayandama m'madzi kudikira kuti boti itembenuke idzamutole. Mu Luangwa muli eni ake amene sadikira boti. Ng'ona ingaone ngati boma layamba kugawa chakudya cha chithandizo, ndipo mvuu sikonda phokoso pakhomo pake.

Koma pa nkhani yolongedza katundu, azunguwo abwere tidzawaphunzitse. Boma la Rufunsa linabadwa mu 2012, Pulezidenti Michael Sata atalidula ku Chongwe, koma luso limeneli ndi lakale kuposa bomalo. Imani pa Chinyunyu madzulo, pafupi ndi akasupe a madzi otentha aja, muone lole ya malasha ikulowera ku Lusaka. Matumba asanjikizana kupitirira denga, aliyense atavala chisoti chake cha malasha olukidwa ndi luzi, zingwe zitamangidwa mopingasa, pamwamba penipeni pali mnyamata wakhala atafunda bulangete, nkhope yoyera mano okha. Kumbuyo kwatitimira mpaka matayala akupsompsona bodi, nyali zikuwunika nthambi za mitengo m'malo mwa msewu. Funde lake ndi utsi wakuda ndi mzere wa galimoto khumi zolephera kupitirira. Pachitunda imakwawa moti mnyamata uja amatsika n'kumayenda pambali atanyamula mwala wotsekera tayala.

Pitirirani kum'mawa, mutsike mapiri a Manenekela mabuleki akununkha, mufike pa mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968. Basi yochokera ku Chipata imafika pamenepo itadzaza kale, koma palibe amachoka pamsikapo manja ali lende. Nsomba zouma, madengu, mphasa, zipewa za mlaza, zonse zimapeza malo. "Amayi, sunthani pang'ono, malo alipo," amatero kondakitala, ndipo chodabwitsa n'chakuti malowo amapezekadi, pamiyendo pa munthu wina.

Ku Britain kunali phungu wina, Samuel Plimsoll, amene anatopa ndi eni zombo omwe ankadzaza katundu mopyola, zombo n'kumamira ndi antchito, iwo n'kukalandira ndalama za inshuwalansi. Anavuta mpaka mu 1876 lamulo linakhazikitsidwa loti chombo chizikhala ndi mzere wojambulidwa m'mbali, wosonyeza polekezera katundu. Mpaka lero zombo zikuluzikulu zili nawo mzerewo, ndipo maboti a masewera aja ali ndi kachitsulo kolembapo kulemera kosayenera kupyola. Malole athu nawonso analembedwa matani ake pachitseko. Timawerenga ngati dzina la galimoto.

Chimene chimandisekesa kwambiri pa masewera aja ndi ichi: amene wagula boti, kuthira petulo ndi kusenza madzi onsewo ndiye ali pa chiwongolero, maso kutsogolo. Funde lili kumbuyo kwake, amangoliona pa galasi. Wodumpha ndi wina, owomba m'manja ndi ena. Ndani kuno sanapiteko ku ukwati wotero? Bambo wa mwana walandira ndalama za chimanga, waonjeza za chilimba, wagulitsa mbuzi zonse, kenako wapita kwa wa kaloba, zonsezo kuti mudzi udziwe kuti mwana wa uje wakwatiwa. Tenti yachokera ku Lusaka, keke ya nsanjika zitatu yasungunuka pa Chongwe, wojambula akuulutsa kandege kake pamwamba pa anthu. Fundelo limakuladi, ndipo timadumphapo ndife oitanidwa ndi osaitanidwa omwe, mpunga ndi nkhuku m'mbale, ina m'chikwama. Mwini wake tsiku lonse ali kuseri kwa nyumba pa foni, akukangana ndi wa jenereta. Sanalawe n'komwe.

Ndi mmenenso zilili ndi foni yangongole imene imadzitseka yokha ukaphonya kulipira, ndi galimoto yogula kuti anthu akuone ukufika pamaliro, yomwe mwezi wachitatu yakhala pa njerwa, nkhuku zikuikiramo. Sindikunena kuti funde ndi loipa. Munthu amene sanasiyeko kafunde kalikonse kumbuyo kwake ndi womvetsa chisoni, ndipo ukwati wa nsima ya ndiwo zamasamba nanenso sindingaukumbuke. Koma mzungu uja, ndi misala yake yonse, anaganiza kaye za potulutsira. Dzuwa likapendeka amadina kabatani, pampu n'kulavulira madzi onse m'nyanja, mphindi zochepa boti yapepuka, waikweza pa ngolo, wapita kwawo kukadya. Wa kaloba alibe kabatani koteroko. Iye pampu yake imangodzaza, ndipo tsiku lomaliza la mwezi amabwera pa njinga yamoto kudzayang'ana ngati malata a nyumba yanu angazuke bwino.

Choncho inu amene mukukonza ukwati chaka chino, itanani ndithu, ine ndibwera ndi mbale yanga, koma mbuzi ziwiri zitsale m'khola. Ndipo mukafika padooko la Lunsemfwa madzi atadzaza, mwini bwato akati thumba limodzi lidikire ulendo wachiwiri, musayambe kumuuza za msuweni wanu wa ku Lusaka. Tsitsani thumbalo, mukhale pakati pomwe wakulozerani, ndipo akakupatsani kachigubu muzikapa.