Malangizo kwa oonera mbalame m'chipale chofewa cha ku Kanengo

Juni wafika, ndipo mafoni adzazanso nzeru za kunja: kachotsedwe ka chipale chofewa pakhomo, kadyetsedwe ka mbalame zakutchire madzi akaundana. Anthu akutumizirana pa WhatsApp mwachangu ngati kuti mawa ku Mgona kucha kutayera mbee. Poti a eni chisanu alankhula kale, lolani nafenso a kuno kufumbi tiikepo mlomo.

Lamulo loyamba: valani ngati mukupita ku Norway. Tsikirani ku Tsoka kapena pa Nsungwi, muvundukule kaunjika mpaka mupeze chijasi chaubweya chimene mwini wake ankakwera nacho mapiri a ayezi. Onjezani magolovesi, sikafu ndi chipewa chosiya maso okha. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, koma masana dzuwa limabweza ngongole mpaka kupitirira 20. Musavule ayi. Munagula modula, thukuta likuchitireni umboni. Mu minibasi ya ku 25, pampando wa anthu atatu pamene mwapanikizana anayi, chijasi chanucho chikhale munthu wachisanu. Kondakitala akafuna kuchilipiritsa, musakangane naye, akunena zoona.

Lachiwiri: musavutike kufunafuna mbalame za ku Ulaya, zinanyamuka kale. Anamzeze ambiri amene amadzaza mawaya a magetsi m'dzinja amafika cha mu Okutobala pothawa chisanu cha kwawo, ndipo pofika Epulo abwerera, chathu chisanayambe. Alibe pasipoti, alibe jekete, koma sanazizidwepo. Otsala ndi eni mudzi: khwangwala padzala, mpheta pachigayo, nkhunda ndi njiwa zozungulira nkhokwe za chimanga za ku Kanengo, ndi mphamba amene akuwerengera mayi a kuseri anapiye awo. M'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma musatope nayo. Mnyamata wa ku Chinsapo anaifupikitsa kale kukhala iwiri: yokoma ndi yosadyedwa.

Lachitatu, ndipo ili mulisunge bwino: bisani zoonera patali zanu. Taganizani, m'bandakucha, nyengo ya msika wa fodya, malole ali ndondondo kudikira kutsitsa mabelo, inu mwaima pampanda wa fakitale nkhope yophimba, mukusuzumira padenga. Mlonda akakufunsani kuti, “Bwana, tikuthandizeni?” inu n'kuyankha kuti mukuyang'ana mbalame, funso lotsatira ndi lakuti legeni ili kuti. Mukafotokoza kuti simukufuna kuipha, mukungofuna kuilemba m'kabuku, pamenepo ndiye mwadzimanga nokha. Palibe wapolisi amene angalembe chifukwa chimenecho osaseka. Khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba, choncho pitani kumene oonera mbalame amaloledwa kukhala amisala poyera: ku Lilongwe Nature Sanctuary m'mbali mwa Lingadzi, kapena kumaiwe a zonyansa za m'mipope ku Kauma, kumene mbalame zam'madzi zimasonkhana. Kumeneko sikafu ija ipeza ntchito yake yeniyeni, pamphuno.

Lachinayi: dyetsani mbalame monga akunenera pafoni. Tapani mtedza kapena mphale m'nyumba, mumwaze pabwalo ku Kawale apongozi akuona. Oyamba kufika ndi nkhuku za aneba. Usiku abwera makoswe. Pambuyo pa makoswe abwera kadzidzi, poti makoswe ndiwo ndiwo zake, ndipo pakhomo pamene iye amayendera matumba a chimanga amapuma. Koma musayese kufotokozera anthu zimenezo. Akangolira kawiri padenga panu, m'mawa mwake mpanda wonse ukhala pansi kufufuza amene wam'tuma, ndipo dzina loyamba kutchulidwa ndi la munthu woyenda atabisa nkhope.

Zina n'zachidule. Njira ikaterera si ayezi, ndi madzi a kubafa kwa aneba. Galimoto ikakana kulira m'mawa, ndi batire, itanani anyamata akankhe. Zoyera zikamagwa kuchokera kumwamba, wina akuotcha zinyalala. Wofuna chisanu chenicheni akwere ku Nyika kapena pamwamba pa Mulanje, kumene udzu umadzuka utayera.

Lomaliza ndi la mbaula, ndipo apa kuseka ndayamba ndakuika pambali. Makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ngakhale mtundu. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo tosadzuka. Othani zenera lili lotsegula, ndipo musanagone tulutsani mbaulayo panja, ngakhale kuzizire bwanji. Uthenga umenewu ndi umene tikanamatumizirana pa WhatsApp, koma sukoma kuuona ngati chithunzi cha kambalame pachipale chofewa.

Ndipo makalawo sagwa kumwamba. Ambiri amene amafika m'mataunishipi athu amachokera ku Dzalanyama, nkhalango ya miombo imene alendo amaulukira kuchokera kutali kudzaonamo mbalame zosowa kwina. Komwekonso n'kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza Kamuzu Dam n'kutipatsa madzi a m'mipope. Mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali kuti akalondere mitengo, koma njinga za makala sizinaleke kulowa mumzinda. Wopalasayo sindimuda, akusaka ya ufa. Wogulayonso atani, gasi ndi wodula, magetsi ndi a mwayi. Chondinyansa n'chakuti tonse tikudziwa kumene moto wathu ukuchokera, koma tili kalikiliki kuphunzira kuchotsa ndi fosholo chipale chimene sichidzagwa.

Choncho, achimwene ndi achemwali okonda mbalame, musawononge ndalama ya mafuta kupita ku Dzalanyama. Valani chijasi chanu, mukaime pamsewu wolowa mumzinda tambala woyamba atalira. Mbalamezo mwina simuziona, koma nyumba zake zidutsa pamaso panu, matumba atatuatatu panjinga, ndipo mutha kunenerera mtengo.