Mlenje m'mwamba, uta pansi

Mnzanu wolemba danga lino ali ndi nthenda imodzi: pakamwa pake sipatuluka mawu akuti "sindidziwa". Choncho mlamu wake wa ku Michigan, ku America, atamufunsa ngati amatha kukwera mumtengo, iye anaseka chikhakhali. Munthu wokulira kuthyola mango a eni ake usiku, agalu akuuwa pansi, n'kumufunsa zimenezo?

Kumeneko alenje ambiri a agwape amasaka ali m'mwamba. Amakwera mumtengo mamita pafupifupi 6, n'kudikira nyama idzere pansi. Ena amavala chimene amachitcha saddle, chomwe kunena zoona ndi thewera la munthu wamkulu, la malamba olimba, lolendewera nalo ku thunthu. John Eberhart, mlenje wa ku Michigan komweko, ndi mmodzi mwa amene anatchukitsa kasakidwe kameneka. Nyengo yosaka ndi uta imayamba pa 1 Okutobala, ndipo lamulo limalola kulasa kukatsala mphindi 30 kuti dzuwa lituluke. Ndiye kuti wosaka m'mawa amakwera mumdima.

Mlamu uja anayala malamulo. Mtengo muusankhiretu masana, wamoyo, wopanda nthambi zouma. Tochi ikhale ya pamphumi, yowala mofiira, poti maso a gwape saona bwino mtundu umenewo. Phazi lisanachoke pansi, lamba wozungulira thunthu akhale atakoledwa m'chiuno, chifukwa ambiri amagwa pokwera ndi potsika. Timakwerero tachitsulo muzimangirira kamodzikamodzi, n'kukaponda kaye mwamphamvu kuti kalume khungwa. Mukafika pamwamba, mumange chingwe cholendewera musanamasule lamba uja. Uta osakwera nawo m'manja: muumange ku kachingwe, mukaukoke mutakhazikika.

"Mwamva, alamu?"

"Aaa, zimenezo muziuza ana," anatero katswiri wa mango.

Tsiku losaka litafika, pa kakwerero kachiwiri mawondo ake anayamba kuombana. Pa kachitatu anakumbukira nyimbo zonse za ku Sande sukulu. Pamwamba anazindikira kuti moyo wake wonse, mkazi, ana ndi ngongole zomwe, walendewera pa kamfundo kamodzi kamene Karl Prusik wa ku Austria anatulukira mu 1931, ndipo anadandaula kuti mkuluyo bwenzi atalamula kuti azimanga tisanu.

Anakhazikika ndithu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu. Kukuyera, gwape wamphongo wa nyanga zanthambi anatulukira monyang'ama, n'kuima pansi penipeni pa mtengowo. Mlenje anakoka kachingwe pang'onopang'ono, mtima uli phaphapha. Kanabwera kopepuka, kunsonga kulibe kanthu. Uta unali utatsamira thunthu, pomwe anausiya.

Gwape anaununkhiza utawo, anakweza mutu, anaona bambo wandevu ali lende m'thewera, n'kumapita mosafulumira. Madzulo a tsikulo banja lonse linadyera nyemba za m'chitini, mlamu akufunsa mwaulemu ngati mango aja ankathyoledwa ndi uta.