Mlendo Ndi Mame

Makolo athu, amene ankayeza mawu monga mayi ayezera mchere pa ndiwo za apongozi, adatisiyira mwambi wakuti mlendo ndi mame, ndiko kunena kuti wobwera pakhomo umsamale lero lomwe, pakuti dzuwa likakwera udzapeza atakamuka. Koma ine, amene ndidabadwira m'komboni ya pa famu kuno ku Shamva, mwana wa bambo amene adachoka ku Ntcheu pa lole ya Ulere atalonjeza amayi awo kuti abwerako akangogula njinga, ndili nacho chifukwa chokayikira mwambiwu. Anyasa anzathu anali pano kale mu 1927, chaka chimene adatsogolera sitiraka yaikulu pa mgodi wa golide, ndipo zidzukulu zawo zikali pompano, zikuvina Gule Wamkulu ndi kuyankha dzina la Mabhurandaya. Ngati amenewa ndi mame, dzuwa la ku Mashonaland n'laulesi ndithu.

Tsono mlendo wina wa mtundu womwewu wafika pakhomo panga, ndipo walowera m'kamwa mwa mdzukulu wanga wa zaka 22. Ndilo dzino la chitsakano la kumapeto kwenikweni, limene Azungu amalitcha dzino la nzeru chifukwa limamera pakati pa zaka 17 ndi 25, pamene munthu ayenera kuti wayamba kuganiza (kwa mdzukulu wangayu, ndinene zoona, lidafulumira). Mano otere ndi anayi, ndiwo akwaniritsa 32, ndipo tsoka lawo ndi la mtchona: afika anzawo 28 atagawana kale malo onse, kotero kuti lina ligona chammbali n'kutsamira mnzake, lina lingosuzumira ngati mkamwini wamanyazi, lili lofunda kachikopa ka nkhama kumene tinyenyeswa ta chimanga chokazinga tibisala ndi kuola.

Mnyamatayo adadzuka tsaya litatupa ngati wabisamo bango la mango, kukamwa kukukanika kutseguka, nati, “Agogo, ndafa ine.” Bwalo lidakhala pakhonde. Azakhali ake adaweruza kuti madzi ofunda a mchere akwanira. Bwenzi lake, mmodzi wa makorokoza osefa golide mu mtsinje wa Mazowe, lidati azule onse anayi tsiku limodzi monga achitira ku America, kumene achinyamata ambiri amawachotsa asanapweteke n'komwe, ndipo, taonani, lidabwera ndi pulayala m'thumba. Ine ndidakumbutsa bwalo kuti ku Britain bungwe la NICE lidalangiza mu 2000 kuti dzino lotere, ngati silinalakwe kanthu, lisiyidwe mumtendere, popeza pafupi ndi mizu ya mano a m'munsi padutsa mtsempha umene ukavulala mlomo uchita dzanzi, mwina mpaka kalekale; ndipo sindidathe kuugwira mtima osaseka, pokumbukira kuti chaka chomwecho, pamene Angerezi ankaikira kumbuyo alendo a m'kamwa, ife alendo a m'mafamu tinali kumanga akatundu.

Safunsa adadya phula, choncho tidakwera kombi kunka ku Bindura. Dokotala wa mano, mwana wamng'ono ndithu koma waulemu, adajambula nsagwada, nakweza chithunzicho pa nyali, nandionetsa wolakwayo atagona chopingasa, mutu wake utaboola kale dzino loyandikana nalo. “Sekuru,” adatero, “ili latupa kachiwiri, ndipo likuoletsa mnzake, lichoke tsopano mwini wake akali mnyamata, pamene bala silichedwa kupola. Atatu enawa aimirira bwino ndipo mswachi uwafika, ndiwazulirenji?” Adalizula, nalamula kuti kwa masiku angapo mnyamatayo asasute fodya kapena kuchukucha mwamphamvu, kuopa kuti magazi oundana pabalapo angachoke n'kusiya fupa pambalambanda.

Sabata yonse adadya phala ngati khanda, akuyang'ana ndi maso achisoni ife tikutafuna mondokwa. Dzinolo lili m'bokosi la machesi pawindo, ndipo bwenzi lake lija lalitembenuza kawiri kufunamo golide. Atatu otsalawo akhala phee kumapeto kwawoko, ndipo dokotala wati aziwaona chaka ndi chaka, monga momwe a boma ankationera ife zitupa zathu zija zolembedwa A ya alendo, kufikira malamulo a 2013 adatopa nafe natitcha nzika.