Shafiti imene inakana kutuluka

Galimoto zambiri zimene timayendera kuno zinapangidwira misewu ya ku Japan. Zimatsika pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kenaka n'kuyamba kulimbana ndi fumbi komanso maenje a kwathu kuno. Yanga ndi Toyota Vitz ya 2008, yokoka ndi matayala a kutsogolo. Mphamvu ya injini imachoka mu giyabokosi kukafika ku tayala kudzera mu shafiti, ndipo shafiti iliyonse ili ndi majointi awiri okutidwa ndi raba yodzaza girisi. Raba ija ikang'ambika, girisi amamwazika, mchenga n'kulowa. Posakhalitsa mumamva khethe-khethe-khethe mukamakhota, amakaniko n'kukuuzani kuti CV joint yatha.

Yanga inalira choncho nyengo yonse ya mvula. Ndalama zinali zitapita ku fizi, ndipo Lolemba ndinkayenera kutengera mayi anga kuchipatala, poti miyendo yawo siyilolanso kukwera minibasi. Ndinagula shafiti ya kumanzere ku Ndirande, n'kuwerengera kuti ndikaimanga ndekha Loweruka, ndalama ya makaniko isanduke ya petulo. Kusintha mabuleki ndi mapulagi ndimatha, choncho sindinaone chovuta.

Chiyambi chinayenda bwino. Nati yaikulu ya pakati pa tayala, ya 30 mm, ndinaimasula galimoto ikadali pansi. Ndinakweza ndi jeke, kusanja njerwa zootcha kunsi, kuchotsa tayala, kumasula mabawuti a mwendo, ndipo mbali ya kunja ya shafiti inasololoka bwinobwino. Kunatsala kuzula mbali yolowa mu giyabokosi, imene ilibe bawuti ngakhale imodzi. Ndinagwira shafiti ndi manja awiri n'kukoka. Inasuntha pang'ono, kenaka gwa, osapitirira.

Panthawiyo sindinkadziwa chimene chinkaigwira. Kumapeto kwa shafiti, pamene pali mano olumana ndi magiya a mkati, pali kamzere kozungulira, ndipo m'kamzereko mumakhala kawaya kolimba kopindidwa ngati mphete, kotseguka mbali imodzi. Shafiti ikalowa, kawayako kamafutukuka n'kukola kuseri kwa giya. Kuti shafiti ituluke, kayenera kupanikizika kubwerera m'kamzere kake, ndipo zimenezi zimachitika ndi kugunda kwadzidzidzi. Kukoka pang'onopang'ono kumangokakanikiza pamene kakola. Komanso shafiti ikakhala nthawi yaitali osatulutsidwa, kawayako kamatha kutsetserekera mbali imodzi n'kugwira kuposa poyamba.

Ndinaitana alamu anga. “Alamu, izi zimafuna mphamvu basi,” anatero, ndipo ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Tinamanga chingwe pakati pa shafiti, iwo kutsogolo ine pambuyo, n'kukoka. China chake chinaphwatuka, tonse n'kugwa chagada shafiti ili m'manja. Chimwemwe chathu sichinachedwe kutha. Jointi ya mkati inapangidwa kuti izitha kutalika ndi kufupika galimoto ikamadumpha m'maenje, ndiye tinangoisolola pakati. Raba inang'ambika, timarola tating'ono tinabalalika mumchenga, koma chikapu chachitsulo chinatsala chomatirira mu giyabokosi. Tsopano panalibenso pogwira.

Apa m'pamene ndinayenera kutsuka m'manja. M'malo mwake ndinalowa kunsi ndi chitsulo chochotsera matayala, n'kuchilowetsa pakati pa chikapu ndi giyabokosi. Thupi la giyabokosi ndi la aluminiyamu, silifuna kutsamiridwa ndi chitsulo, koma ine ndinatsamira ndithu. Chitachepa mphamvu ndinawonjezera sikuludiraiva yaikulu, imene inaterereka n'kukabaya silu yotchinga oyilo. Oyilo anayamba kuyenderera m'mkono mwanga mpaka m'khwapa.

Zimene zinatsatira ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi. Ndili kalikiliki kugwedeza chitsulo chija, galimoto yonse inkagwedezeka nane, ine osazindikira. Jeke inapendekeka, kulemera konse kunapita pa njerwa, ndipo njerwa zinaphwanyika nthawi yomweyo. Galimoto inatsika n'kukhala pa tayala limene ndinachotsa lija, limene akazi anga analikankhira kunsi m'mawa pofuna kusesa pakhonde. Chitsulo cha kunsi kwa injini chinaima chitakhudza malaya anga pachifuwa. Alamu anandikoka miyendo. Akazi anga sanalankhule, anangokhala pansi pomwepo n'kugwira kumutu, mwana wathu wamng'ono akulira pambali pawo. Usiku umenewo sindinagone.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, ndinapita kukagogoda kwa bambo wina wachikulire wa m'dera lathu amene wakhala akukonza galimoto moyo wake wonse. Anabwera ndi timiyendo tachitsulo tokhazikapo galimoto, ndipo sanakhudze kanthu mpaka galimoto itakhazikika ndi matayala a kumbuyo atatsekedwa ndi miyala. Anayang'ana zidutswa za njerwa kwa kanthawi.

“Bambo, njerwa ndi ya khoma,” anatero. “Shafiti igulidwa ina, koma inu ana awa akakugulani kuti?”

Kenaka anakankhira chikapu chija mkati, chinthu chimene ine sindikanachiganiza. Anachizunguza pang'ono, kuika chitsulo chosasongoka pa kaphewa ka chikapucho, n'kumenya ndi hamala. Chinakana. Sanawonjezere mphamvu. Anachikankhanso, kuchizunguzanso, n'kumenya kachiwiri, ndipo chinatuluka n'kugwera pa katoni. Anandionetsa kawaya kaja padzanja lawo, n'kulongosola kuti kuzunguza kumathandiza kuti kakhale pakati, pakamwa pake pataloza pansi. Pomanga shafiti yatsopano pambuyo pake, silu itasinthidwa, anakaikanso choncho, atakapaka girisi pang'ono kuti kasasunthe, ndipo anakoka chikapu ndi dzanja kutsimikiza kuti chakola.

Ntchito sinathe tsiku lomwelo. Silu inafunika yatsopano, ndipo Lamlungu madzulo panalibe koigula. Oyilo wotayika uja anali nkhani inanso. Vitz imeneyi ili ndi giyabokosi ya CVT, yofuna oyilo wakewake, osati ATF wamba amene ambiri amathira mu otomatiki iliyonse, ndipo ilibe kandodo koyezera, kotero kuthira kwake kumafuna wodziwa. Mwayi wanga unali woti aluminiyamu anangokandika, sanang'aluke. Akanang'aluka, tikanayamba kukamba za giyabokosi yonse.

Lolemba mayi anga anapita kuchipatala pa galimoto yahayala. Ndikaphatikiza hayalayo, silu, oyilo ndi malipiro a bambo aja, ndalama zinapitirira kutali zimene galaja ikanandilipiritsa. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhope ya akazi anga pamene galimoto inatsika.

Sindikuletsa munthu kukonza galimoto yake pakhomo, poti ambirife n'kumene timapulumukira. Ndikungopempha abale anga amene muli ndi Vitz, Passo, Sienta kapena Corolla yolira pokhota: shafiti ikakana, musakoke pakati pake, musatsamire chitsulo pafupi ndi silu, ndipo musalowe kunsi kwa galimoto imene yakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Ngati mulibe timiyendo tachitsulo, kabwerekeni kaye musanamasule nati yoyamba.