Mlamu wa ku Bank of Zambia

Ndimagulitsa tomato ku Chawama, ndiye sabata yatha ndinafunsa aneba kafunso kamodzi: bokosi likugula bwanji ku msika wa Soweto?

"Khalani pansi kaye, amayi," anatero.

Anayambira ku Kariba. Chilala cha 2024, madzi kuphwa, malaiti kusowa usana ndi usiku. Atachoka kumeneko anakwera dola, natsikira mu 2013, chaka chimene kwacha inadulidwa mazilo atatu, akufotokoza ngati mpeni wake unali m'manja mwawo. Zonsezi akuti anawauza ndi mlamu wawo wa ku Bank of Zambia. Tomato sanamutchule.

Mlamu ameneyu ndatopa naye. Owotcherera mageti m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga akafunsana kuti malaiti abwera nthawi yanji, pamapezeka mdala wina amene mlamu wake ali ku ZESCO, pafupi penipeni ndi switchi. Ku Matero mlamuyo amadziwa mtengo wa unga wa mwezi wamawa. Ku Kanyama ali ku ofesi ya zanyengo, ndipo watumiza uthenga kuti chaka chino madzi sasefukira. Wokuuzaniyo wapinda buluku mpaka m'maondo, nsapato zili m'manja.

Palibe anamuonapo. Pamaliro safika, pa kitchen party satumiza ngakhale supuni. Ine ndikuti ndi munthu mmodzi yemweyo, amagwira ntchito m'maofesi onse a Lusaka nthawi imodzi, ndipo anakwatira m'komboni iliyonse. Ndimamvera chisoni akazi akewo.

Chowawa n'chakuti nkhani yeniyeni ilipo, yaulere. Ili ndi anyamata a mawilibala amene amafika pa Soweto kusanache. Iwo amawerenga malole ochokera ku Mkushi: akachuluka, mtengo wagwa, akabwera ochepa, konzani chikwama. Sakhazika munthu pansi. "Lero wagwa, amayi," basi, wilibala ikupitirira. Koma ndani angamvere munthu wa thukuta, wopanda taye, wopanda mlamu? Timathamangira wa jekete, tikaoda mabokosi pa tsiku lolakwika, tomato n'kuolera pa thebulo, ife n'kumatukwana dola.

Ndinali ndi mnyamata wanga mmodzi wodalirika, wa mawu awiri. Dzulo waimika wilibala, wapukuta manja, wayang'ana uku ndi uku.

"Amayi, musauze munthu. Mlamu wanga wa ku Mkushi wati..."